Kudziyeza BP ndi shuga pakhomo: makina, foni ndi kope

Wodwala BP kapena shuga amaonana ndi adokotala kamodzi pamwezi, ena kamodzi pa miyezi itatu. Tsiku la kiliniki amalawirira m'mamawa, kupalasa njinga kapena kukwera kabaza, n'kukakhala pamzere mpaka dzuwa kukwera. Akalowa m'chipinda, namwino amamumanga lamba pamkono n'kulemba nambala imodzi m'buku la kuchipatala. Nambala imodziyo, yotengedwa munthu atatopa, ali ndi njala komanso mtima uli m'mwamba, ndi imene adokotala amayang'ana poganiza zowonjezera mankhwala kapena kuwasiya momwemo. Masiku ena onse a mweziwo palibe akudziwa zimene zikuchitika m'thupimo. Makina a BP, kamakina ka shuga ndi foni imene muli nayo kale zingathe kuonetsa za masiku amenewo, bola muyeze molondola, mulembe, ndipo zolembazo zikafike m'manja mwa adokotala.

Matendawa si a anthu ochepa. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009, amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, anapeza kuti mwa akuluakulu atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno, mmodzi anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka kwambiri mwa iwo sanali pa mankhwala. Odwala shuga anali pafupifupi 6 mwa anthu 100 aliwonse. Choopsa cha BP n'chakuti nthawi zambiri siipweteka. Munthu amalima, amayenda, amaseka bwinobwino, pomwe impso, maso ndi mitsempha ya muubongo zikuwonongeka mwakachetechete. Kudalira mutu kuti ndiwo ukuuzeni kuti BP yakwera n'kudikira nthawi itatha kale.

Yambirani kuchipatala, osati kusitolo

Musanatulutse ndalama, afunseni adokotala kapena anamwino a ku kiliniki yanu mafunso atatu. Nambala yanga izikhala pati? Ndiziyeza kangati? Ikafika pati ndibwere osadikira tsiku langa? Mayankhowo alembeni patsamba loyamba la kope lanu. Kwa akuluakulu ambiri BP imafunika kukhala pansi pa 140/90 ikayezedwa kuchipatala, ndi pansi pa 135/85 ikayezedwa pakhomo, poti kwanu mumakhala omasuka. Shuga wa m'mawa musanadye amafunika kukhala pakati pa 80 ndi 130 mg/dL (muyezo wowerengera shuga wa m'magazi), ndipo patatha maola awiri mutadya akhale pansi pa 180. Koma agogo a zaka 80, mayi woyembekezera, mwana wobaya insulin ndi munthu wa vuto la impso aliyense amapatsidwa malire ake, n'chifukwa chake funsolo liyenera kuyankhidwa ndi amene akukudziwani.

Kusankha makina a BP

Gulani makina omanga lamba kumtunda kwa mkono, pakati pa chigongono ndi phewa. Aja omanga padzanja pomangira wotchi ndi otchipa ndipo amanyamulika, koma amalakwitsa msanga dzanja likangotsika kapena kukwera pang'ono. Gulani ku pharmacy yovomerezeka, kumene mungabwerereko makinawo akavuta. Ngati muli ndi bandulo, onani dzina la makinawo pa tsamba la STRIDE BP, limene limasunga mndandanda wa makina amene anayesedwa n'kupezeka olondola. Dzina lodziwika ngati Omron palokha silikukwanira. Onaninso nambala ya mtundu wake yolembedwa pabokosi.

Chimene ambiri amaiwala ndi kukula kwa lamba. Bwerekani tepi kwa atelala, muyeze kuzungulira pakatikati pa mkono wanu. Malamba wamba amakwana mkono wa masentimita 22 mpaka 32, ndipo akuluakulu amafika pa 42. Lamba wamng'ono pamkono waukulu amaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni, mwakuti munthu angawonjezeredwe mankhwala osafunika. Sankhaninso makina oyendera mabatire, kuti magetsi akathima ntchito isaime, ndipo mabatire akafooka asintheni onse nthawi imodzi.

Mukagula, pitani nawo ku kiliniki. Apempheni anamwino akuyezeni ndi makina awo, kenako ndi anu, mkono womwewo, patangopita mphindi imodzi kapena ziwiri. Kusiyana pang'ono kulibe kanthu. Kukakhala kwakukulu ndipo kukubwerezabwereza, makina anuwo abwezeni.

Makina amodzi a BP angathandize banja lonse, ngakhale gulu la kutchalitchi kapena la banki m'khonde litasonkherana. Aliyense azingolemba nambala zake m'kope lake, chifukwa makinawo amasunga zonse mosakaniza, za bambo ndi za mayi pamodzi.

Kayezedwe kake

Apa ndi pamene ntchito imakomera kapena kuwonongekera. Kwa mphindi 30 musanayeze, musamwe khofi kapena tiyi wamphamvu, musasute fodya, musagwire ntchito yolemetsa. Katayeni madzi kaye, chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimakweza BP. Khalani pampando wotsamira, mapazi onse awiri pansi, osapingasa miyendo. Pumani mphindi zisanu zathunthu. Ikani wotchi ya pafoni iwerenge, chifukwa munthu akamangoganizira yekha, mphindi imodzi amaiyesa zisanu. Foniyo ikeni pambali, osayamba kuwerenga mauthenga.

Mangani lamba pakhungu, osati pamwamba pa malaya kapena juzi. M'munsi mwake musiye mpata wa zala ziwiri kuchokera popindikira chigongono, kapaipi kayang'ane mkati mwa mkono, ndipo lambayo athine pongolola zala ziwiri kulowa. Mkono ugone patebulo kuti lambayo alingane ndi mtima. Ngati mulibe tebulo, sanjikizani mapilo pamiyendo. Dinani batani, mukhale chete. Kuyankha moni wa mnansi amene akudutsa kungasinthe nambala, mudzamuyankha mukamaliza. Dikirani mphindi imodzi, muyezenso kachiwiri, mulembe zonse ziwiri.

Tsiku loyamba yezani mikono yonse. Umene ukuonetsa nambala yokwererapo ndi umene muziugwiritsa ntchito nthawi zonse.

Makinawo amaonetsa nambala zitatu. Yapamwamba, yolembedwa SYS, ndi mphamvu ya magazi mtima ukamapopa. Yapakati, DIA, ndi mphamvu yake mtima ukamapuma. Yapansi, PUL, ndi kugunda kwa mtima pa mphindi imodzi, si BP ayi. Mukaona 142, 88 ndi 76, BP yanu ndi 142/88. Makina ena amaonetsanso kachizindikiro ka mtima wogunda mosalongosoka. Kakamatuluka kawirikawiri, kawauzeni adokotala.

Kangati? Sabata yoti mupita ku kiliniki, kapena akakusinthirani mankhwala, yezani masiku 7 otsatizana: m'mawa musanamwe mankhwala ndi kudya, madzulonso musanadye. Nthawi zina zonse kamodzi kapena kawiri pa sabata n'kokwanira. Pali ena amene akangogula makina amayeza ola lililonse. Nambala ikakwera pang'ono amachita mantha, manthawo amaikwezanso, usiku wonse tulo osabwera. Makina ogulira mtendere asakhale okulandani tulo.

Kamakina ka shuga ndi timapepala take

Pogula kamakina ka shuga, funso loyamba si mtengo wa kamakinako koma wa timapepala toyezera, ndiponso ngati timapezeka pafupi nanu. Kamakina kamagulidwa kamodzi, timapepala mudzagula moyo wonse, ndipo ta Accu-Chek sitigwira ntchito mu On Call Plus kapena mu SD Codefree. Abale a ku Joni kapena ku UK akafuna kukutumizirani kamakina, auzeni kaye mtundu umene timapepala take timagulitsidwa kwanuko. Kupanda apo, botolo loyamba likatha kamakinako kadzangokhala m'kabati.

Pa makina ochokera kunja palinso msampha wina umene ungaphe munthu. Shuga amawerengedwa m'njira ziwiri: mg/dL ndi mmol/L. Ku South Africa ndi ku UK amagwiritsa ntchito mmol/L, ku America mg/dL, ndipo kuno mitundu yonse iwiri imapezeka. Kuti mmol/L isanduke mg/dL mumachulukitsa ndi 18, kotero 7 ndi chimodzimodzi 126, ndipo 10 ndi 180. Tsopano taganizirani munthu amene anauzidwa kuti shuga akatsika pansi pa 70 amwe zotsekemera. Kamakina kake ka mmol/L kaonetsa 20, iye n'kuthamangira Fanta, pomwe 20 ameneyo ndi 360 mg/dL, shuga wokwera kwambiri. Yang'anani timalemba ta pambali pa nambala, mulembe patsamba loyamba la kope mtundu wa makina anu, ndipo aliyense wokusamalirani audziwe.

Poyeza, sambani m'manja ndi sopo, mupukute ziume. Madzi a mango, nzimbe kapena nthochi otsalira pachala amakweza nambala zedi. Bayani m'mbali mwa nsonga ya chala, osati pakatikati, chifukwa m'mbali simupweteka kwambiri, ndipo muzisinthasintha zala. Musafinye chala mwamphamvu. Magazi akamavuta kutuluka, tsitsani dzanja pansi kapena litenthetseni m'madzi ofunda. Botolo la timapepala litsekeni mukangotulutsa kamodzi, lisakhale pawindo kapena pafupi ndi mbaula, ndipo muone tsiku lotha ntchito. Kasingano ndi kobayira kake n'za munthu mmodzi basi, ngakhale m'banja, chifukwa hepatitis B ndi HIV zimayenda m'magazi. Tisingano totha tiponyeni m'botolo lapulasitiki lolimba lokhala ndi chitsekero, likadzaza mukapereke kuchipatala.

Timapepala ndi todula, choncho kapepala kalikonse kayankhe funso. Wobaya insulin amafunika kuyeza pafupipafupi monga adokotala amuuzira, ndipo womwa glibenclamide azikhala tcheru chifukwa mankhwalawa amatha kutsitsa shuga mopitirira. Womwa metformin yekha safunika kudzibaya tsiku lililonse. M'malo moyeza m'mawa mokhamokha, sinthasinthani: Lolemba m'mawa musanadye, Lachitatu musanadye nkhomaliro n'kubwerezanso patatha maola awiri, Loweruka pogona.

Kuyeza kwapawiri kuja, musanadye ndi mutadya, ndi kumene ndimakonda kuposa kwina konse, chifukwa kumaphunzitsa zimene palibe phunziro la kuchipatala lingakuphunzitseni. Lero idyani mitanda itatu ya nsima yoyera muone. Sabata yamawa idyani iwiri ya mgaiwa, ndiwo zamasamba ndi nyemba zochuluka, muonenso. Tsiku lina yesani kuyenda mphindi 20 mutadya. Chitani chimodzimodzi ndi thobwa, mbatata, chinangwa, mpunga, tiyi wa mandasi. Pakutha pa miyezi iwiri mudzakhala mukudziwa chakudya chimene thupi lanu limalandira bwino ndi muyezo wake, ndipo mkangano wa pakhomo woti kodi wodwala shuga adye chiyani udzachepa, poti nambala zidzakhala zikuyankha zokha.

Kulemba

Nambala yosalembedwa imaiwalika dzuwa lisanalowe. Mzere uliwonse ukhale ndi tsiku, nthawi, nambala, ndi mawu ochepa a zimene zinachitika: "ndinaiwala mapiritsi dzulo", "tinali kumaliro, sindinagone", "ndadya usipa wamchere", "malungo". Mawu amenewa ndi amene amapereka tanthauzo ku nambala. Lembani zoona zokhazokha. Nambala yoipa imene mwaibisa poopa kukalipiridwa ndi imene adokotala amaifuna kwambiri.

Muli ndi foni ya mabatani? Kope la sukulu ndi alamu ya m'fonimo zikukwanirani. Muli ndi foni yamakono? Njira yosavuta ndi kujambula nambala zili pamakina, poti chithunzi chimasunga tsiku ndi nthawi chokha. Pa WhatsApp mungathenso kudzitumizira uthenga pa nambala yanu yomwe, n'kumalemba mmenemo tsiku ndi tsiku. Odziwa Google Sheets angapange tebulo limene limawerengera lokha avereji. Palinso ma app olembamo shuga ngati mySugr, amene amajambula mzere woonetsa kukwera ndi kutsika. Musanazolowere app iliyonse, zimitsani data muone ngati ikulolabe kulemba, ndipo app yofuna kuona manambala a anzanu kapena mauthenga anu ichotseni, ilibe nazo ntchito.

Ngakhale mugwiritse ntchito foni, kope musalitaye. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, imatha moto tsiku la kiliniki lomwelo. Lamlungu lililonse koperani nambala za sabatayo m'kope. Ngati foni mumabwerekana pakhomo, ikani loko, chifukwa matenda anu ndinu muyenera kusankha wowauza.

Ikaninso tsiku ndi nthawi yolondola m'makina onse awiri, makamaka mukasintha mabatire. Zosungidwa mmenemo zikakhala ndi masiku olakwika, adokotala sangazigwiritse ntchito.

Alamu

Tcherani alamu ya mankhwala pa nthawi imene imagwirizana ndi chinthu chimene mumachita kale tsiku lililonse, monga kutsuka mkamwa kapena kumvera nkhani za madzulo. Ipatseni dzina, "amlodipine" kapena "metformin wa madzulo", ndipo musaizimitse musanameze. Alamu yachiwiri, imene ambiri alibe, ndi yokukumbutsani kutatsala sabata imodzi kuti mankhwala athe. Pharmacy ya chipatala imatha kukhala yopanda mankhwala ena, ndipo sabata imeneyo imakupatsani mpata wofufuza kwina kapena kupeza ndalama yogulira. Jambulani mapaketi a mankhwala anu onse, dzina ndi mamiligalamu zioneke bwino. Mukadwala muli paulendo, chithunzicho chidzayankha bwino kuposa kunena kuti "timapiritsi toyera tating'onoting'ono".

Kwa makolo okalamba amene maso akuvuta, mwana kapena mdzukulu mmodzi atenge udindo woyeza ndi kulemba, n'kumatumiza chithunzi cha kope kwa abale a kutali kamodzi pa sabata. Akhale mmodzi wodziwika, chifukwa ntchito ya aliyense imathera posachitika.

Kuwerenga zimene mwalemba

Mvula ya tsiku limodzi siiuza munthu mmene dzinja liyendere. Nambala imodzinso chimodzimodzi. Mukatha masiku 7 aja, tayani za tsiku loyamba, poti tsiku limenelo munthu amakhala asanazolowere. Phatikizani nambala zonse zapamwamba za masiku 6 otsalawo pa kakyuleta ya pafoni, mugawe ndi kuchuluka kwake. Chitani chimodzimodzi ndi zapakati. Avereji ikakhala 135/85 kapena kuposa, kapena ikaposa malire amene anakupatsani, pitani nayo ku kiliniki. Ikakhala yabwino, ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito, pitirizani kumwa. Apa ndipo ambiri amapunthwa: amaona 120/80 n'kunena kuti achira, n'kusiya mapiritsi, ndipo pakapita masabata BP imabwerera mwakachetechete. Musawonjeze, musachepetse, musasiye mankhwala chifukwa cha makina popanda mawu a adokotala.

Nambala zina sizidikira avereji. BP ikafika 180/120, pumani mphindi zisanu muyezenso. Ikakhalabe pomwepo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati pali kupweteka pachifuwa, kubanika, mutu waukulu, kusaona bwino, kukamwa kupotoka, mkono kapena mwendo kufooka, kapena lilime kulemera, musatayenso nthawi ndi makina, pezani galimoto. Mayi woyembekezera akaona 140/90 apite tsiku lomwelo, ngakhale akumva bwino.

Shuga akatsika pansi pa 70 mg/dL, amene ndi 3.9 mmol/L, kapena mukamva kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzaoneni ndi chizungulire, sungunulani masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi mumwe, kapena theka la kapu ya chakumwa chotsekemera. Dikirani mphindi 15, muyezenso, mubwereze ngati sanakwere, kenako mudye chakudya. Munthu amene wakomoka musamuthire chakumwa mkamwa, angatsamwe. Mugonekeni cham'mbali n'kuthamangira naye kuchipatala. Shuga akapitirira 300 mg/dL ndipo munthu akusanza, akumva m'mimba, akupuma mozama kapena akungosinza, kumenekonso n'kwa kuchipatala msanga. Kamakina kakalemba HI, ndiye kuti shuga wakwera kuposa pamene kangawerenge; kakalemba LO, watsika koopsa.

Zimene musagule

Pa Facebook ndi m'misika muli mawotchi ndi mphete zimene akuti zimayeza shuga popanda kubaya. Mu February 2024, FDA, nthambi ya boma la America yoona za mankhwala ndi zakudya, inachenjeza anthu kuti asazigwiritse ntchito, ndipo inanena kuti sinavomerezepo wotchi kapena mphete iliyonse yoyeza shuga payokha. Palinso ma app onena kuti mukaika chala pa kamera ya foni akuuzani BP. Mu 2016 ofufuza a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anayesa imodzi yotchuka, Instant Blood Pressure, n'kupeza kuti pa miyezo 5 iliyonse ya BP yokwera, pafupifupi 4 inkaionetsa ngati yabwinobwino. Chipangizo chouza wodwala kuti ali bwino pomwe sali bwino n'choipa kuposa kukhala wopanda chipangizo. Wotchi yamakono ingakuthandizeni kuwerenga mapazi amene mwayenda ndi kugunda kwa mtima, izo zili bwino.

Zenizeni zoyeza shuga usana ndi usiku zilipo, monga FreeStyle Libre, kabatani komata kumkono kokhala ndi kaulusi kolowa pansi pa khungu, kamene kamagwira ntchito masiku 14. Ku Neno anaziyesapo zipangizo za mtunduwu pa odwala shuga obaya insulin. Vuto lake ndi mtengo, poti kabatani kakatha mumagula kena. Kwa ambiri a ife, kamakina kobaya chala kogwiritsidwa ntchito mwanzeru kakukwanira.

M'magulu a WhatsApp a odwala mumapezeka chilimbikitso chenicheni, koma mumalowanso ogulitsa mankhwala amene amati amachotseratu shuga ndi BP. Wina aliyense wokuuzani kuti musiye mapiritsi kapena insulin, mutsekereni kunja. Mukakhala ndi funso ndipo chipatala chili kutali, imbani ku Chipatala Cha Pa Foni, kumene amapereka uphungu wa zaumoyo pafoni. Ntchitoyi inayambira ku Balaka mu 2011 ndipo tsopano ili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo.

Tsiku la kiliniki

Adokotala ali ndi mzere wautali panja, sangawerenge mauthenga a miyezi itatu pafoni panu. Usiku wake lembani tsamba limodzi: avereji ya BP ya sabatayo, shuga wokwera kwambiri ndi wotsika kwambiri pamodzi ndi nthawi zake, masiku amene simunamwe mankhwala ndi chifukwa chake, ndi mafunso anu awiri kapena atatu. Tsambalo lilowetseni m'buku la kuchipatala kuti atsegule n'kuliona. Mukhoza kuyamba chonchi: "Adokotala, ndakhala ndikudziyeza kunyumba, nambala zake ndi izi." Ngati BP ya kuchipatala yakwera pomwe ya pakhomo imakhala bwino, kapena ya kuchipatala ili bwino pomwe ya pakhomo imakwera, tsambalo ndi limene lidzaonetse zimenezo. Wa shuga afunse ngati kuyeza kwa HbA1c kukupezeka, kumene kumaonetsa mmene shuga wayendera pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, afunsenso za kuyezetsa maso, impso ndi mapazi. Nyamulani mapaketi a mankhwala onse, ngakhale azitsamba ngati mukumwa, ndipo kamodzi pachaka tengani makina anu onse awiri akawayerekeze ndi a kuchipatala.